Dzanja Langa Likunjenjemera, Ndikanyamula Bwanji Thireyi ya Mgonero?

Aphungu,

Kalata iyi ndailemba masiku atatu, ndipo mukaona zilembo zikukwera ndi kutsika ngati mzere wa nyerere musaganize kuti sukulu inandivuta. Ndi dzanja. Nkhani yanga yonse ili pa dzanjali.

Ndine wometa tsitsi. Ntchitoyi ndaigwira zaka makumi awiri ndi zitatu m'kachipinda kamodzimodzi, pakati pa wokonza mafoni ndi mayi wina wosoka zovala. Muli mipando iwiri, galasi lalikulu long'aluka pakona, benchi la odikira, ndi kawailesi komwe kamayankhula pokhapokha mukakamenya mbama. Ana anga atatu aphunzira sukulu ndi tsitsi la anthu. Makasitomala ananditcha dzina loti Dzanjalofewa, poti ndikamameta ndevu ndi lezala ena ankagona pampando mpaka kuliza mkonono. Dzinali ndinkalinyadira. Lero munthu akandiitana nalo pamsewu mtima umadumpha.

Chaka chatha dzanja lamanja linayamba kunjenjemera. Poyamba ndinkati n'kutopa, kapena makina ometera andisiyira kunjenjemera kwawo. Koma lafika poti ndikanyamula chinthu n'kufuna kuchigwira bwinobwino, m'pamene limavina kwambiri. Sindinauze aliyense, ngakhale mayi a kunyumba. Kuchipatala sindinapiteko. Kawiri konse ndafika pageti n'kubwerera, chifukwa ndikuopa dzina limene akalipatse vutoli.

Ndaphunzira kubisa. Ndikamameta ndimatsamiritsa kachala kakang'ono pamutu pa munthu kuti dzanja lipeze pogwira. Makina akamalira, ndani angasiyanitse kunjenjemera kwa makina ndi kwa mwini makina? Pamsewu dzanja limakhala m'thumba. Kutchalitchi buku la nyimbo ndimalisiya pabenchi, anthu n'kumati bamboyu nyimbo zonse analoweza. Lezala ndinalisiya miyezi inayi yapitayo, nditatema bambo wina woyendetsa galimoto pansi pa chibwano. Bala lake linali laling'ono, iye anangoseka nati, "Lero a Dzanjalofewa mwandidinda chidindo." Ine sindinaseke. Ndinaona pamene lezala linadutsa, ndipo pang'ono pokha kuchokera pamenepo pali mtsempha. Atapita ndinatseka chitseko n'kukhala pabenchi. Mawa lake ndinamata pepala pagalasi lonena kuti lezala tasiya chifukwa cha ukhondo. Anthu anandiyamikira kuti ndine wosamala, ndipo akubwerabe monga kale. Bodza limeneli ndimaliwerenga pagalasi tsiku lililonse.

Kunyumba nako ndasanduka munthu wovuta. Tiyi ndimamwa nditatembenukira kuzenera, kapu ndaigwira ndi manja awiri. Ndimakwiya ndi tinthu ting'onoting'ono. Tsiku lina ndinakalipira mayi a kunyumba chifukwa masiku ano amandithirira tiyi theka la kapu, ngati ndine mlendo wosafunika. Iwo anangoti, "Mukamaliza ndikuwonjezerani, bambo," n'kupitiriza kupukuta tebulo. Mpaka pano amathirabe theka. Zimandipsetsa mtima, koma si zimene ndakulemberani.

Lamlungu lapitali mpingo wathu unasankha akulu a mpingo atsopano, ndipo dzina langa linatuluka. Anthu anaomba m'manja, ine dzanja langa lili m'thumba. Titaweruka Abusa anandiitanira kukachipinda kakuseri. Anati, "Mpingo wakuonani, bambo. Pitani mukapemphere, mudzandiyankhe pakatha milungu iwiri." Pakamwa panga panatseguka kuti ndinene za dzanja, koma chimene chinatuluka ndi "Zikomo Abusa." Tikubwerera kunyumba mayi sanasangalale monga ndinkayembekezera. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa, "Palibe chimene mukufuna kundiuza, bambo?" Ndinati palibe.

Aphungu, ndikanakhala kuti sindikufuna, bwenzi nkhaniyi ili yophweka. Koma kuitana kumeneku ndakhala ndikukumva kwa zaka. Pampando wometera amuna amayankhula zimene sangauze abusa kapena akazi awo. Mwina n'chifukwa choti sakuyang'ana m'maso, amayang'ana pagalasi. Wina anandiuza, nditangomumeta theka la mutu, kuti wamanga kale katundu ndipo akulithawa banja lake tsiku lomwelo. Ndinazimitsa makina, tinakambirana, tinapemphera thaulo lili m'khosi, ndipo lero amabwera kudzametetsa mkazi wake akumudikira pabenchi. Nthawi ngati zimenezo ndimamva mumtima kuti Mulungu ali nane ntchito. Ndapempherapo kambirimbiri kuti, Ambuye, ndigwiritseni ntchito. Sindinadziwe kuti adzayankha dzanja litawonongeka.

Vuto ndi ili. Kumpingo kwathu, pa Mgonero wa Ambuye, akulu a mpingo amanyamula thireyi yachitsulo ya timakapu tagalasi makumi anayi, todzaza mpaka m'milomo, n'kumayenda nayo mzere ndi mzere. Ndipo chizolowezi chathu n'choti akulu atsopano ndiwo amanyamula pa Mgonero woyamba akangodzozedwa. Nthawi imeneyo m'tchalitchi mumakhala zii, ngakhale makanda amakhala ngati achita kuuzidwa. Timakapu tikangogundana, wa kumbuyo kwenikweni amamva. Pa Mgonero wapitawu ndinavutika kutenga kakapu kamodzi kokha, kanga, ndipo kanadontha pa thalauza. Nanga makumi anayi? Theka la amuna a m'tchalitchimo mitu yawo imadutsa m'manja mwanga. Akadzaona thireyi ikuvina, Lolemba adzabwera ndani kudzapereka khutu lake ku sizasi yanga? Tsidya lina la msewu atsegula malo ometera atsopano, a magalasi owala ndi nyimbo zaphokoso. Ine ntchito ina sindiidziwa, ndipo ndili ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi.

Ndayesa kudziphunzitsa. Masana kukakhala kopanda anthu ndimakhoma chitseko, ndimatenga thireyi yoikapo zipeso, kundandalikapo zitsekerero za mabotolo a sipiriti ndi mafuta, kuthiramo madzi, n'kumayenda kuchokera pagalasi kukafika pakhomo. Ndi masitepe asanu ndi limodzi okha. Sindinafikepo pakhomo thireyi ili youma. Ndayesa kupanikiza zigongono m'nthiti, ndayesa kuyenda osapuma mpweya, ndayesa kuimba chamumtima. Ndikangoganiza kuti anthu akundiyang'ana, dzanja limachita kunyanya. Dzulo mayi wosoka uja anagogoda kufunsa ngati paipi yaphulika, poti madzi anatulukira pansi pa chitseko.

Pali chinanso, ndipo ichi ndicho chikundiopsa koposa. Tili ndi madala ena, mkulu wa mpingo amene anapuma pa udindo zaka zisanu zapitazo. Zaka zawo zomaliza manja awo ankanjenjemera, ndipo akanyamula thireyi timakapu tinkalira ngwe-ngwe-ngwe kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Ndine ndinawatcha dzina loti a Belu. Ndinalitchulira m'chipinda changa chometeramo, benchi litadzaza, ndikuwatsanzira ndi thireyi yomweyi ya zipeso. Anthu anaseka mpaka kugwetsa misozi. Dzinalo linafala, linafika mpaka kutchalitchi, ndipo sindikukayika kuti linawapeza eni ake. Sanandifunsepo. Amabwerabe kudzametetsa Lachisanu loyamba la mwezi, amakhala phee atatsinzina. Chaka chino ayamba kachizolowezi kena, ndikafika kuseri kwa khutu amati, "Modekha mwanawe, sitikuthamangira kulikonse." Ndinafunsa Abusa kuti anatchula dzina langa pa chisankho chija ndani. Anati, "Ndi madala omwewo. Anaimirira osayembekeza kuti afunsidwe."

Kuyambira pamenepo chakudya sichikulowa. Kodi ichi si chilango? Kodi Mulungu sanatenge chipongwe changa n'kundibwezera m'dzanja? Nanga madalawo, kodi sakufuna kuti ndikalawe zimene ndinawamwetsa, anthu akandiseke pamalo pomwe ankawasekera iwo? Nthawi zina ndimaganiza zokauza Abusa kuti ntchito yandichulukira, asankhe wina. Koma ndikaganiza zonama pa zinthu za Mulungu thupi limachita tsemwe. Ndikavomera, ndikuopa kutayira zopatulika pa zovala za anthu n'kutaya nazo ntchito yanga. Ndikakana, ndikuopa kuti ndakana Iye amene ndinamupempha ndekha, ndipo sadzandiitananso. Ndikagwada kuti ndipemphere mawu sakutuluka, ndimangoyang'ana dzanja.

Kwatsala masiku asanu ndi anayi. Ndithandizeni, ndikawayankhe chiyani Abusa?

W. D. M., m'tauni yomwe ino.

*

Bambo a Dzanjalofewa,

Ndakuitanani ndi dzina lomweli dala, ndipo mtima usadumphe. Kalata yanu ndaiwerenga yonse, zilembo zake zikuwerengeka kuposa za madokotala ena amene ndikuwadziwa. Mantha anu ndawamva, si achibwana. Koma mwamanga mantha angapo mtolo umodzi, n'chifukwa chake ukukulemerani chotere. Tiyeni tiumasule.

Mawa lomwe, musanatsegule chitseko cha kuntchito, pitani kuchipatala, ndipo ulendo uno mukadutse geti. Chaka chathunthu mukuopa dzina! Vutolo dzina lili nalo kale, amene simukulidziwa ndinu nokha. Ine si dokotala ndipo sindingakuuzeni kuti n'chiyani, koma manja amanjenjemera pa zifukwa zambiri, ndipo zina mwa izo zimachepa munthu akalandira chithandizo. Mwina mwazunzika chaka chonse ndi chinthu choti akanakuthandizani kalekale. Mwinanso n'chachikulu, ndipo ngati zili choncho kuchedwa sikukuchichepetsa. Kawauzeni zonse: tsiku limene linayamba, nthawi zimene limanyanya, ntchito imene mumagwira. Kafunseni mosabisa kuti ndi zida ziti zimene mungagwirebe popanda kuika munthu pangozi.

Musapite nokha, tengani mayi a kunyumba. Mukuti simunawauze? Bambo, tawerengani kalata yanu yomwe. Mkazi amene wakuthirirani tiyi zaka zonsezi sangoyamba kuthira theka chifukwa choti masamba akwera mtengo. Anaona tiyi akutayikira patebulo, anaona mukutembenukira kuzenera, anachepetsa kuti musachite manyazi, ndipo mutawakalipira anameza n'kupitiriza kupukuta. Anakutsegulirani khomo panjira yochokera kutchalitchi, inu n'kulitseka ndi "palibe". Mayiwo akudziwa. Akhala akusenza chinsinsi chanu okhaokha, kudikira tsiku limene mudzawakhulupirire. Lero lomwe khalani nawo pansi, ikani dzanjalo patebulo, muwauze ndi pakamwa panu. Muwapepesenso za tiyi.

Zoti Mulungu wakubwezerani m'dzanja zichotseni m'mutu. Munalakwa kuseka munthu wachikulire ali pa utumiki, pamenepo sindikunyengererani. Chinali chipongwe ndipo chikufunika kupepesa. Koma aliyense woseka mnzake akanati azinjenjemera manja, bwenzi benchi lanu lonse lija likulephera kumanga mabatani a malaya. Nanga madala aja anaseka ndani kuti manja awo anjenjemere? Matenda ndi matenda. Mulungu amene mumamupempha kuti apulumutse mabanja a anthu, thaulo lili m'khosi, satchera ana ake misampha pa Mgonero. Ndiponso sanadzidzimuke ndi dzanja lanu. Analiona lisanayambe kuvina, analiona likuvina, ndipo dzina lanu latuluka chaka chino, osati zaka khumi zapitazo pamene anthu ankagona pampando wanu. Mukawerenga Mawu ake modekha mupeza kuti ambiri amene anaitanidwa anayamba ndi kuonetsa chilema chawo n'kupempha kuti atumidwe ena. Simuli woyamba.

Mukufunsa kuti mukawayankhe chiyani Abusa. Kawayankheni zoona. Musadikire kuti masiku asanu ndi anayiwo athe, pitani mlungu uno, mukatulutse dzanja m'thumba n'kunena kuti: kuitana ndikukumva, dzanja ndi ili. Bodza loti ntchito yachuluka musaliyese n'komwe. Muli kale ndi bodza limodzi pagalasi ndipo mwaona mmene likukudyerani. Vuto lanu n'loti mwauchepetsa ukulu wa mpingo mpaka wakwana pathireyi. Kodi Mgonero umabwera kangati pa chaka? Masiku ena onsewo mkulu wa mpingo amayendera odwala, amakhala ndi ofedwa, amamvetsera mabanja amene akugwedezeka. Zimenezi mwakhala mukuchita zaka zambiri popanda udindo, chipeso chili m'manja, ndipo mpingo wakhala ukuona. Za thireyi mukagwirizane ndi Abusa. Mwina mudzanyamula mkate, mwina mkulu mnzanu adzagwira mbali ina inu mbali ina, mwina timakapu adzathira theka monga amachitira mayi kunyumba. Chizolowezi choti atsopano ayambe kunyamula anachipanga ndi anthu, anthu omwewo angathe kuchikonza. Ndipo lekani kunyowetsa chipinda chometeramo, mayi wosoka angakuitanireni wokonza mapaipi.

Za ntchito sindikulonjezani zabodza. Anthu akadziwa, ena adzawoloka msewu kupita kwa a magalasi owala, ndipo zidzakupwetekani. Koma taonani, lezala limene linakupatsani dzina munalisiya miyezi inayi yapitayo ndipo benchi likudzazabe. Ndiye kuti pali china chimene amatsata kwa inu. Ndi bwino amve kwa inu mwini kusiyana n'kuti adzaone okha tsiku loipa. Pepala lija lichotseni, kapena lembani lina loona, lakuti ndevu timameta ndi makina basi. Yambaninso kukambirana ndi mayi mmene ntchito ingayendere dzanja likapitirira. Mpando wachiwiri uja ungakhale wa wometa mnzanu, inu n'kumayang'anira ndi kucheza ndi odikira. Kukhulupirira Mulungu sikuletsa munthu kukonzekera.

Tsopano madala aja. Mukuti akufuna kukubwezerani. Munthu wofuna kubwezera sapereka mutu wake mwezi ndi mwezi kwa amene anamunyoza, n'kuchita kutsinzina. Taganizani bwino. Akhala ndi manja onjenjemera zaka zingati? Kachala kanu kakatsamira pamutu, makasitomala ena angati ndi makina, koma iwo ayi. Kunjenjemera kumeneko amakudziwa bwino kuposa inu. Mukuganiza kuti "Modekha mwanawe" amanenera tsitsi? Anadziwa za dzanja lanu, anadziwa amene anawatcha a Belu, ndipo anaimirira osafunsidwa n'kutchula dzina lanu. Mumtima mwawo sindingalowemo, koma chimene ndikuona n'chakuti iwo anayenda ndi thireyi yolira zaka zonsezo akudziwa kuti anthu akuseka, osaitula, ndipo aona mwa inu munthu woti angathe kutero. Musadikire Lachisanu loyamba la mwezi. Pitani kunyumba kwawo, mukapepese za dzina lija mosazungulira, kenako mukawafunse kuti ankayenda bwanji kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Pa funso limenelo aphungu ndi iwowo, osati ine.

Chenjezo langa ndi ili. Musadzayese kutsimikiza chikhulupiriro chanu pakhosi pa munthu. Lezala lisabwererenso m'dzanja limenelo, ngakhale tsiku lina mutapemphera n'kumva ngati lakhazikika, ndipo dokotala akadzati sizasi nayonso muisiye, mudzaisiye. Pemphero lisalowe m'malo mwa chipatala, ziyendere limodzi. Mantha mwina sadzatha tsiku lodzozedwa lisanafike, ndipo mukati mudikire dzanja liime kaye ndiye muvomere, mungadikire mpaka kalekale. Ngati kuitanako mukukumva, vomerani dzanja likunjenjemera chomwecho. Ndipo mukadzasankha kuinyamula thireyiyo, timakapu n'kuyamba kulira m'tchalitchi muli zii, musadzayang'ane makasitomala anu. Padzakhala madala amodzi pabenchi amene sadzaseka. Mudzayende modekha mpaka pamene akhala, mudzawapatse kapu yawo.

Aphungu